Biberau ya Inasiyo ndi phala lopanda mchere

1979, Chifunde

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa azakhali anu, ngakhale iwo amathira nsinjiro zambiri. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinavala bata, chovala choyera cha pantchito, nditabwera kukurusu, maphunziro a zaumoyo, ku Tete. Sindinali enfermera, ndiye kuti namwino, weniweni ayi, koma kumudzi ankanditcha choncho ndipo ine sindinkawakonza. Ntchito yanga inali ya ana: kuwakweza pa balansa, sikelo ija, kulemba kulemera kwawo pa karitau, khadi la mwana, ndi kuphunzitsa amayi awo kadyetsedwe. Ndinali ndi mwana mmodzi yekha, koma ndinkalangiza amayi a ana asanu ndi atatu ngati ndinawabala ndine. Pakamwa panga panali pachangu, makutu anga aulesi. Bambo anu amati matenda amenewa sanathe mpaka lero.

Kukurusu anatikhomerera chinthu chimodzi m'mutu, kuti biberau, botolo lija loyamwitsira ana, ndi mdani. Mwana ayamwe bere. Akayamba kukhala pansi ayambe phala, bere osasiya. Ngati bere palibe, mkaka amwere m'kopo, ndiye kuti kapu, kapena pa supuni. Zifukwa zake zinali zoona ndithu: botolo limavuta kutsuka, madzi a pachitsime sakhala abwino nthawi zonse, ndipo mkaka waufa wa m'lata, chitini chija, ukamachepa mayi amawonjezera madzi mpaka mwana kumangomwa madzi oyera. Ku Chifunde ndinakhala zaka zinayi, ndipo mabiberau ndinaona ochepa, a akazi a aphunzitsi ndi a kuofesi. Ndinkangowadzudzula pang'ono, iwo n'kuseka, nkhani n'kutha.

1983, kupitirira Mualadzi

Chaka cha chilala chija ananditumiza ku kaposito, kachipatala kakang'ono, kupitirira Mualadzi, chakumalire. Bambo anu anatsala ku Chifunde ndi ntchito yawo, ine ndinapita ndi ana awiri amene munalipo. Poyamba tinkayenderana mwezi ndi mwezi. Nkhondo itayandikira, miyezi inayamba kutalika.

Shefi wathu, mkulu wa paposito, anali a Matiyasi, enfermero wochokera kumbali ya Beira, munthu wamtali wosaseka wamba. Chinyanja chawo chinali chothyokathyoka, ndipo akakwiya chinkathawiratu n'kutsala Chipwitikizi chokha. Sindiwanenera zoipa. Sopo akatha ankatipangitsa kusamba m'manja ndi phulusa, mafuta a nyale akatha ankasoka mabala panja padzuwa, ndipo sindinawaonepo akubweza wodwala. Kumene anachokera anaika m'manda ana ambiri a biberau, moti anaika lamulo: botolo likapezeka paposito lilandidwe, litsekeredwe m'kabati ya mankhwala, mwezi ukatha likaponyedwe m'chimbudzi. Ine ndinali msilikali wawo pa lamulo limeneli, ndipo ndinkalikonda.

Wachitatu pantchito anali a Luwisi, serventi wathu wotithandiza ntchito zamanja, bambo wanthabwala wa akazi awiri. Masiku a balansa iwo ndiwo ankaphika phala la ana mumphika waukulu pansi pa mtengo wa mango, ine nditaima pambali kufotokozera amayi: ufa wa mgaiwa, nsinjiro, masamba osinja akapezeka, ndi mchere pang'ono. Pang'ono wa a Luwisi unali dzanja lonse. Ankathira mochita kuonetsa, n'kumati, "Phala langa ngakhale mkulu amanyambita mbale."

1985, chimanga chitayamba kucha

Pa amayi amene ankabwera mwezi uliwonse panali mtsikana wina dzina lake Felisita, wa ku tchalitchi kwathu, wokwatiwa koma wopanda mwana wakewake. Mwana amene ankabereka, Inasiyo, anali wa mkulu wake. Bambo wa mwanayo anatengedwa ndi anthu a mfuti ali kumunda, mwana asanabadwe, ndipo mayi wake anamwalira ndi malungo mwana ali ndi miyezi iwiri. Zimenezi ndinkazidziwa, koma ana otere anali ambiri ndipo sindinazilabadire. Inasiyo ankabwera wosambitsidwa bwino, nsalu zake zochapa. Koma mzere wa pa karitau yake unagona miyezi itatu osakwera, ndipo pa miyezi khumi anali wopepuka ngati wa miyezi isanu ndi umodzi, tsitsi layamba kufiira. Ndikafunsa, Felisita ankati, "Amadya, amayi." Phala la a Luwisi ankalandira m'mbale mwake, n'kupita nalo kuseri kwa mtengo, mbale n'kubwera yoyera.

Tsiku lina akumasula mwana kuti ndimkweze pa balansa, biberau inagwa m'nsalu n'kugubuduzika mpaka pa phazi langa. Ndinaitola, ndinadonthezera padzanja n'kulawa. Anali madzi ofunda onunkhira mkaka patali. Pamenepo pakamwa panga panatseguka, amayi onse akumva. Ndinamufunsa ngati akufuna kutsatiza mwana kumanda kwa amake. Ndinamufunsa kumene phala limapita, ndipo mayi wina anayankha m'malo mwake kuti amagawira ana a anzake. Ndinamufunsa za mkaka. Anati amuna ake, a Tomasi, ankautenga ku Cassacatiza, kumalire a Zambia, pa njinga posinthanitsa ndi nkhuku ndi fodya, koma tsopano njira yaipa, njinga akulanda, ndipo m'nyumba mwatsala lata imodzi ndi theka. Mwana wa miyezi khumi, wopanda bere, wosadziwa phala, ndi mkaka woti ukasungunulidwa moyenera sungathe masabata awiri. Ndinakwiya kwambiri, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha. Biberau ndinakaipereka kwa a Matiyasi, iwo anaitsekera m'kabati. Felisita ndinampatsa kopo ndi supuni n'kumuuza kuti njala ikamuwawa mwanayo adya yekha. Iye anangoti, "Chabwino, amayi," n'kubereka mwana.

Tsiku lachitatu anabweranso m'mawa. Inasiyo anali lende kumsana, milomo youma, liwombo litalowa. Kopo ankaikankha, supuni ankailavula, ndipo masiku awiri onse analira mpaka mawu kutha. Tinakhala naye mpaka masana tikumdonthezera madzi a soro, obwezeretsa madzi m'thupi, pakona pa mlomo, dontho limodzi limodzi. A Matiyasi anamuyeza, anati apitirize kopo, azolowera, ndipo anakwera njinga kupita ku Mualadzi kukalondola mankhwala. Mwana atagona, ine ndi Felisita tinatsala awiri pakhonde. Sindikudziwa chimene chinandigwira lilime tsiku limenelo, mwina kutopa. Kenako ndinafunsa funso limene ndikanafunsa miyezi itatu m'mbuyomo.

"Felisita, mwana wanga, phala umamumana chifukwa chiyani?"

Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala. "Amayi, mwanayu sanatengedwe."

Inu a masiku ano mwina simudziwa. Kwathu mwana akabadwa amati ndi wozizira, ndipo makolo ake amagona padera kufikira tsiku limene akuluakulu anena kuti amtenge, ndiye kuti bambo ndi mayi abwerere pamphasa imodzi ndi kumlimbitsa mwanayo. Zimenezi zisanachitike, munthu amene ali pabanja amati ndi wotentha. Akamgwira mwana, makamaka akathira mchere m'chakudya chake, amati amtsempha: mapazi amatupa, mwana amawonda, amatsokomola. Ine kukurusu anandiphunzitsa kuti kutupa koteroko ndi njala, ndipo ndimakhulupirira choncho mpaka lero. Koma nanenso ndinakulira m'mudzi, ndipo Felisita atangotchula mawu amenewo ndinamva zonse.

"Wotenga mwanayu ndani?" anapitiriza. "Bambo ake kulibe, amake kulibe. Anamkungwi amene akanandiuza chochita anathawira ku Zambia chaka chatha. Ine ndinangochita zimene ndikudziwa. Ndinasamuka pamphasa, a Tomasi ndinawaletsa kumunyamula, popeza munthu woyenda m'njira sudziwa kumene wagona. Ali ndi miyezi isanu ndi umodzi ndinamuphikira phala ngati mmene mumanenera. Koma sabata imeneyo, amayi, ine ndi a Tomasi tinali titalakwa kamodzi. Mwana anatsegula m'mimba masiku anayi, mapazi anatupa. Ndinatsala pang'ono kupha mwana wa akulu anga ndi dzanja langa. Mkaka wa m'lata sathira mchere. Ndi chokhacho chimene sindichiopa."

"Nanga phala la kuno?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "La a Luwisi? A akazi awiri aja?"

Ndinaseka, ndipo kusekako kunandithera m'misozi. Miyezi yonseyi ndinkaima pambali pa mphika kulalikira, mtsikanayu akuona dzanja la a Luwisi likutsika ndi mchere. Akulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinadyetsa phulalo mwana wa eni. Manyazi amene ndinamva pakhonde paja sindinawamvenso pantchito yanga yonse.

Kiyi wa kabati a Matiyasi ankandisiyira akachoka. Ndinakhala naye m'thumba la bata nthawi yaitali ndithu. Lamulo ndinkalidziwa, zifukwa zake ndinkaziphunzitsa ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti mwanayo akatsegula m'mimba n'kufa botolo lili m'kamwa, mlandu udzakhala wanga. Koma ndinaonanso kuti mwana amene wataya amake, ndipo sadziwa njira ina yodyera, sungamulande chokhacho chimene akudziwa tsiku limodzi n'kuyembekeza kuti aphunzira akufa ndi ludzu. Ndinatsegula kabati. Biberau ndinaitsuka ndi phulusa, ndinaiwiritsa, ndinasungunula mkaka pa muyeso wake weniweni. Inasiyo anaigwira ndi manja onse awiri, maso ali tseke, mpaka anaimaliza.

A Matiyasi anabwera mawa lake, ndipo ndinawauza asanatsike bwino panjinga. Chinyanja chinawathawa. Atamaliza zonse za m'Chipwitikizi anandifunsa, "Ndiye iwe ukhulupirira za mchere izi?"

"Ayi, a shefi. Koma wodyetsa mwanayo si ine, ndi amene akukhulupirirayo."

"Ndipo botolo?"

"Ndipatseni mwezi umodzi. Lichoka, koma lichoke phala litalowa."

Anapukuta magalasi awo. Kenako anati, "Mwezi umodzi. Mwana akafa, dzina lake ulemba wekha m'buku, ndi chifukwa chake, ndi dzina lako pansi." Ndinavomera. Sabata yonseyo sanandipatse moni.

1985, nthawi yokolola

Kwa Felisita kunali ulendo wa ola limodzi wapansi. Ndinkapita ndikaweruka, masiku atatu pa sabata. Tsiku loyamba ndinamuuza kuti tiphika phala lopanda mchere ngakhale kambewu kamodzi. Anadabwa. "Phala lopanda mchere n'chakudya, amayi?" Ndinamuuza zoona, kuti mwana wa msinkhu uwu mchere sausowa, okonda mchere ndife akulu. Anavomera, koma anakana kugwira mthiko. Ndiye anandifunsa, maso ali kumbali, "Nanga inu, abambo a kunyumba ali kuti?" Ana anga, musaseke. Ndinaima pamoto pa mtsikana amene ndinamtukwana pagulu, n'kumuwerengera miyezi isanu ndi iwiri imene ndinali ndisanaonane ndi bambo anu. Anagwedeza mutu mokhutira ngati dokotala, n'kundipatsa mthiko.

Machitidwe athu anali otere. Kale Felisita ankampatsa botolo nthawi iliyonse akalira, kasanu ndi kawiri kapena kupitirira, mimba n'kudzaza madzi, phala n'kusowa malo. Tinatembenuza. M'mawa akadzuka ndi njala, phala liyambe, botolo litsatire. Phala loyamba tinaliphika lamadzimadzi, ufa wosefa bwino, ndipo tinasungunuliramo supuni ya mkaka wa m'lata womwewo kuti fungo likhale limene alidziwa. Felisita anafuna kukulitsa bowo la biberau ndi singano yamoto kuti phala lizidutsa momwemo, ngati mmene ena amachitira. Ndinakana, chifukwa mwana amayenera kuphunzira kusuntha chakudya ndi lilime, ndiponso phala la m'botolo limatsamwitsa. Tsiku loyamba Inasiyo anameza masupuni awiri, ena onse anathera pa bata yanga. Lachiwiri anakana zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha si mphatso imene Mulungu anandipatsa yambiri, koma Felisita anali nayo ya tonse awiri. Ankakhala naye pamiyendo ola lathunthu, akuviika chala m'phala n'kumuyamwitsa, mpaka anayamba kutsegula kukamwa akaona supuni.

Sabata yachiwiri tinalimbitsa phala n'kuthiramo nsinjiro, ndipo botolo linatsika kufika katatu: m'mawa atadya, masana, ndi pogona. Mkaka tsopano unkasungunulidwa mokwanira, komabe lata inkachedwa kutha. Tinawonjezera dzungu lofinya, nthochi, dzira likapezeka. Tsiku lina ndinachedwa paposito chifukwa cha mayi wobereka, ndipo nditafika ndinapeza Felisita ataphika yekha. Anandiuza mwamantha ngati waba. Ndinamgwira mwana mapazi, ndinadinikiza ndi chala iye akuona, ndipo sipanatsale dzenje. Kuyambira pamenepo mthiko unali wake.

A Tomasi ndinkawaona patali, munthu wachete, atakhala pa chitsa pafupi ndi nkhokwe akukonza zimene sizinawonongeke. Inasiyo akakwawira kumene ali, iwo ankaimirira n'kusuntha. Zinkandipweteka mtima, koma ndinali nditaphunzira kusunga pakamwa. Lata yomaliza itatsala pang'ono, ndinawauza kuti mwana wopanda bere amafunikabe mkaka ngakhale akudya. Patapita masiku awiri njinga yawo inalibe pakhomo, ndipo pa mtengo panali pomangidwa mbuzi yoyamwitsa ndi kamwana kake. Anthu oyandikana nawo anaseka kuti kwa a Tomasi ayamba kulimbirana bere ndi ana a mbuzi. Mkakawo tinkauwiritsa, ndipo popeza sunali wa m'lata, Inasiyo anaulandira m'kopo ngati chinthu chatsopano, osaufunira botolo. Mwezi usanathe biberau inatsala ya pogona pokha, kenako anayamba kugona asanaifunse.

Pa tsiku la balansa a Matiyasi anabwera okha kudzaima pambali panga. Singano inakwera, pang'ono koma inakwera. Anayang'ana karitau, anayang'ana mwana, n'kuuza a Luwisi m'Chinyanja chawo chija, "Luwisi, kuyambira lero mchere ikhala pambali. Mayi afuna, athira yekha." A Luwisi anadandaula kuti awanyozera luso. Amayi amene ankabweza mbale zoyera kuseri kwa mtengo sanali Felisita yekha, ndipo zimenezi tinaziona mwezi wotsatira, ambiri atayamba kudyetsa ana pamaso pathu.

1985, nyengo yozizira

Miyezi yochepa pambuyo pake nkhondo inafika ndipo tonse tinabalalika, ena ku Zambia, ena ku Malawi, ine ndi inu kwa bambo anu. Banja limeneli sindinalionenso, choncho musandifunse kuti Inasiyo anakhala munthu wotani. Chimene ndingakuuzeni ndi cha masiku otsiriza.

M'mawa wina Felisita anafika paposito akuthamanga, mwana ali m'manja osati kumsana. Anati dzulo lake anaika pansi mbale ya nyemba zawo, zothira mchere ndi dzanja lake, n'kutembenuka kukatunga madzi. Pobwera anapeza Inasiyo wakwawira pambale, manja onse awiri ali m'nyemba, masaya otupa ndi chakudya. Anayesa kumutulutsa ndi chala koma zambiri zinali zitatsika kale.

"Amayi, ndamupha."

Sindinamuuze kuti ndi zabodza. Ndinamkhazika pansi, ndinatenga phazi la mwana, ndinatenganso chala cha Felisita n'kuchidinikiza pamenepo ndekha. "Waona? Palibe dzenje. Ubwerenso mawa tidzaone." Anabwera mawa lake, ndi mkuja wake. Masiku asanu ndi anayi anayenda ulendo umenewo m'chisanu, ndipo tsiku lililonse ankadinikiza yekha, phazi lamanja, lamanzere, ine ndikungoyang'ana. Tsiku lakhumi sanabwere.

Ndinagwira ntchito tsiku limenelo mtima uli m'malere. Ndinaganiza za mapazi otupa, ndinaganiza za anthu a mfuti, ndinaganiza za buku la a Matiyasi. Dzuwa litapendeka ndinavula bata n'kuuyamba ulendo. Pakhomo panali zii, mbuzi ikudya makoko. Nditazungulira kuseri kwa nkhokwe ndinapeza a Tomasi atakhala pa chitsa chawo, Inasiyo ali pamiyendo pawo. Anali ndi mbatata yowotcha, akuifinya ndi zala, kuviika m'nyemba n'kumuika m'kamwa. Mwanayo anali atawagwira ndevu ndi dzanja lonona, ndipo iwo sankamuchotsa.

Atandiona anafuna kuimirira, koma anakhalanso chifukwa cha mwana. Ndinawafunsa kumene kuli Felisita.

"Wapita kokumba mtedza, amayi. Wandisiyira." Anamukweza mwanayo pang'ono m'manja ngati akumuyesa. "Chibwerereni mwanayu m'nyumba muno, lero ndi loyamba kumunyamula. Sindinkadziwa kuti amalemera chonchi."